Kamakina ka pa Chitseko cha Bambo

12 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndinafika bwino, chikwama chokha ndiye chinatsalira m'njira, chinandipeza patapita masiku atatu. Ndaganiza zoti tizilemberana makalata. Pafoni timangokuwa ngati anthu oti pakati pawo pali mtsinje, ndipo ndikaika foni pansi ndimapeza kuti sitinauzane kanthu. Makutu anuwo tisawakakamize. Papepala mumamva zonse.

Mukudya? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa? Amayi ndi amene ankakukumbutsani, tsono pano muzidzikumbutsa nokha.

Ndabwerera m'kachipinda kanga komwe kaja, pansanjika yachinayi. Muli bedi, tebulo, mpando umodzi ndi ketulo. Zenera limayang'anana ndi khoma la nyumba ina, ndipo pakhomalo padutsa mpaipi umene umalira wina akamasamba kumwamba. Oyandikana nawo ndimawadziwira nsapato zimene amasiya panja. Wina ali ndi phazi lalikulu ngati lanu, koma nkhope yake sindinaionepo.

Tsopano za kamakina kaja. Munandiyang'ana ndi diso lokayika m'mawa uja ndikukamata pamwamba pa chitseko, galimoto ikuliza hutala panja, ndipo sindinafotokoze bwino. Sikaona, sikamva. Ntchito yake ndi imodzi: kuwerenga kuti chitseko chatsegulidwa kangati. Ikakwana 6 koloko madzulo kamatumiza nambalayo kuno, ndipo pafoni yanga pamayaka kanyali. Chitseko chikatsegulidwa kakhumi kapena kuposerapo, kanyali kamakhala kobiriwira. Chikatsegulidwa pang'ono, kachikasu. Chikapanda kutsegulidwa n'komwe, kofiira. Popeza chakumbuyo chija munachikhomerera ndi misomali, chakutsogolocho chizindiuza zonse zimene ndikufuna kudziwa.

Sindikukulondani ayi. Achemwali ali kutali, maola anayi pa basi, ine ndili kutali kuposa pamenepo, ndipo m'nyumbamo mwatsala nokha. Ndingofuna ndizidziwa kuti mwadzuka ndipo anthu akukuonani.

Mundilembere nkhani zonse, ngakhale za mphaka wa aneba.

Ndine mwana wanu,
Mzime

2 Malichi

Mwana wanga Mzime,

Kalata yako ndalandira. Ndaiwerenga kawiri, kachitatu ndinawerengera mpando wa mayi ako. Ndili bwino. Ndikudya, mankhwala ndikumwa. Mphaka wa aneba naye ali bwino, wanenepa ndi nkhunda za eni ake.

Nyumba yakula. Sindinkadziwa kuti kuchoka kuchipinda kukafika kukhitchini ndi ulendo. Makina osokera a mayi ako ndawaphimba ndi nsalu, koma ulusi umene anasiya m'singano sindinauchotse.

Kamakina kako kalipo, kakuphethira ngati diso la buluzi. Sindikudana nako. Ndagwira ntchito yowerenga mamita a madzi zaka 31, agalu onse a m'tauni muno akudziwa kukoma kwa buluku langa, tsono sindingakwiyire mnzanga wowerenga. M'mawa ndimakapatsa moni.

Koma undiuze chinthu chimodzi. Umati kampani yanu imapanga mamita odziwerenga okha. Ndiye kuti mwana amene ndinamuphunzitsa ndi thukuta lowerenga mamita akupanga chinthu chochotsa ntchito owerenga mamita. Chabwino, dziko ndi lozungulira. Nanga iweyo pamenepo umachita chiyani kwenikweni? Mayi ako akafunsidwa ankangoti, "Ali pa kompyuta," n'kusintha nkhani. Ine ndikufuna undiuze monga munthu wa ntchito amauzira mnzake.

Ndalama usatumize, penshoni ikukwana. Tumiza nkhani. Ndipo ugule mpando wachiwiri. Munthu wa mpando umodzi sachezeredwa.

Bambo ako

21 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndakondwa kumva kuti mukudya. Mpando wachiwiri ndinauona m'sitolo, koma ndinadzifunsa kuti adzakhalapo ndani, ndipo ndinausiya.

Mwafunsa za ntchito, ndiye khalani bwino. Mkati mwa mita muli kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, timakatchula kuti tchipi. Ine ndimalemba malangizo amene tchipiyo imatsatira: iwerenge madzi nthawi yanji, isunge pati, itumize bwanji ku kompyuta yaikulu ya kulikulu.

Tchipi imasunga manambala m'timabokosi totchedwa mabaiti. Bokosi limodzi limakwana nambala kuyambira 0 mpaka 255 basi. Nambala ikaposa pamenepo pamafunika mabokosi awiri. Lina limasunga mitolo, mtolo uliwonse wa 256, lina limasunga zotsala. Mwachitsanzo, 515 ndi mitolo iwiri ndi zotsala zitatu. Funso ndi lakuti, potumiza liyambe bokosi liti? Matchipi ena amatsogoza lalikulu: 2, kenako 3. Ena amatsogoza laling'ono: 3, kenako 2. Palibe wolakwa. Koma wotumiza akatsogoza laling'ono, wolandira n'kuganiza kuti loyambalo ndi la mitolo, aona mitolo itatu ndi zotsala ziwiri, kutanthauza 770. Mwini nyumba alipira madzi amene sanamwe.

Ndiye pa mita yatsopano imene tikupanga, abwana andipatsa ine kuti ndisankhe ndondomekoyi, ndilembe chikalata pofika kumapeto kwa Juni. Ndaikidwa pakati pa njovu ziwiri. Kumanja kwanga kumakhala mnzanga wina, ndimamutchula Wandevu mumtima. Iye akuti titsogoze laling'ono, chifukwa tchipi yathu imasunga choncho, titumize mmene zililimo popanda kutembenuza, batire lisavutike poti liyenera kukhala zaka khumi pansi pa nthaka. Kumanzere kuli mayi woyang'anira makompyuta olandira. Iye akuti titsogoze lalikulu, chifukwa makina ambiri olankhulana patali anazolowera choncho, ndipo munthu akatsegula uthenga kuti aone amawerenga molunjika. Awiriwa salankhulana. Aliyense amabwera pa tebulo langa mnzake akapita kukamwa tiyi. Kunena zoona, ndi okhawo amene amandiyankhula tsiku lonse, ndiye mkanganowu sindikufulumira kuuthetsa. Inu mukanasankha chiyani?

Chimene chikundisangalatsa ndi kanyali kaja. Chichokereni ine kwanuko, kali kobiriwira tsiku lililonse, sikanasinthepo ngakhale kamodzi. Ndinkaopa kuti maliro akatha anthu akutayani, koma ndikuona kuti pakhomo panu sipakuzizira. Ndimayerekeza anzanu a kuntchito aja atadzaza pabalaza, mukutsutsana za mpira. Amabwera ndani? Ndiuzeni maina, ndiziwathokoza mumtima.

Mu Juni ndili ndi tchuthi cha masabata atatu. Ndikubwera.

Mwana wanu,
Mzime

9 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ndili bwino.

Nkhani ya mabokosi ndaimva. Kusukulu ankatiphunzitsa kuti pophatikiza manambala uyambe kumanja, ku zing'onozing'ono, koma powerenga uyambe kumanzere, ku zikuluzikulu. Tsono Wandevu wakoyo akuganiza ngati wophatikiza, mayiyo akuganiza ngati wowerenga. Ine ndinali wowerenga, ukudziwa kumene ndingagwere. Koma usatengere za ine, wophunzira ndiwe.

Za anthu amene ukuti akudzaza pabalaza, ndamva.

Kalata ino ndapatsa mayi wogulitsa buledi kuti akaponye, poti iye amadutsa ku positi. Ndi yemwenso akumanditengera zako. Zikamachedwa usadabwe, mayiyo ali ndi makasitomala ambiri.

Juni sali kutali. Udzandiuze tsiku ndi nthawi ya basi.

Bambo ako

2 Meyi

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Kalata yanu ndinaitembenuza kuti mwina kuseri kuli zina, koma kunali koyera. Ndinaidikira masabata atatu, ndinaiwerenga ketulo isanawire. Ndinafunsa maina a alendo anu, simunanditchulire ngakhale mmodzi. Sindikudandaula. Munthu amene chitseko chake sichipuma sangakhale ndi nthawi yodzaza mapepala. Ngakhale ku positi mwasiya kupita nokha, inu amene simunkalola munthu kukugwirirani kalata.

Kuno Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku aatali. Dzulo ndinaona kuti kuyambira Lachisanu madzulo sindinatulutse mawu. Kusitolo amalipiritsa ndi makina, chikepe chokwerera sichifuna moni. Ndinayesa kunena kuti "zikomo" ndili ndekha m'chipinda kuti ndione ngati mawu alipobe. Analipo, koma anali ngati a munthu wina. Ikakwana nthawi ya kanyali ndimakhala pabedi, foni m'manja. Kakayaka kobiriwira ndimakondwa, ndithu ndimakondwa, kenako ndimayang'ana chitseko changa chimene chimatsegulidwa kawiri basi, potuluka ndi polowa. Chikanakhala ndi kamakina, changa ndiye chikanakhala chachikasu.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. Mu Juni ndi pamene tiyesere mita yatsopano ija, ndipo abwana anafunsa amene angasunthe tchuthi. Ena onse ali ndi ana, anagula kale matikiti. Ndinayang'ana foni yanga, masiku oposa makumi asanu ndi atatu onse obiriwira, ndipo ndinakweza dzanja. Ndaona kuti muli m'manja abwino. Ndidzabwera chaka chikamatha, ntchito ikapepuka. Achemwali ndawauza kale, ndipo mlungu uliwonse ndimawatumizira uthenga kuti kanyali kali bwino, asamadzivute ndi basi pamene kuchipatala kwawo anamwino akuchepa.

Mupereke moni kwa onse amene akukuchezerani. Muwauze kuti muli ndi mwana wina kunja kuno.

Mzime

20 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ndamva. Wachita bwino, ntchito ndi imene imadyetsa munthu.

Chipinda chako ndinali nditayamba kuchikonza pang'onopang'ono. Ndangotseka chitseko kuti musalowe fumbi.

Uziyankhula ndi anthu. Ngakhale Wandevu yemweyo.

Bambo ako

6 Juni

Iwe Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi anatiphunzitsa, koma mtima wanga suli pa moni. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikanakulalatira, ana akumva. Kalatayi ndaijambula, ndikutumizira pafoni, sindingadikire positi.

Utandiimbira Lachitatu madzulo kuti kanyali kako kafiira, ndinakwera basi yoyamba m'mawa. Ndinagogoda mpaka dzanja kupweteka. Ndinasuzumira pazenera, ndinawaona ali pa mpando wa Amayi, bulangete m'miyendo. Kuti afike pachitseko zinawatengera nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi.

Bondo lawo lakumanzere latupa ngati dzungu. Anagwa pa sitepe pa 27 Malichi akuanula zovala. Malichi, Mzime! Chigwereni sanatulukepo pageti. Akugona pampando pomwepo chifukwa bedi ndi lalitali kukwera. Munthu yekhayo amene amagogoda ndi mayi wa buledi, kamodzi patsiku. Lachitatulo mayiyo anapita kukaona m'bale wake wodwala, ndiye palibe anagogoda, ndipo Bambo anagonera madzi. M'khitchini ndapeza mapepala okulungira buledi atapindidwa bwinobwino, mulu wofika m'chigongono. Buluku likuwagwa. Makalata ako ali patebulo, atasanjidwa potsata madeti.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga khamu la anthu limene Mzime amanena lili kuti?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Funsa makina." Ndinati, "Bwanji simunanene kuti mwagwa?" Anati, "Palibe anafunsa za bondo."

Anzawo a kuntchito amene umawayerekezawo, mmodzi anamwalira chaka chatha, wina anapita kukakhala kwa mwana wake, wina saona. Ukanandifunsa ndikanakuuza.

Koma nanenso ndili ndi mlandu. Miyezi inayi sindinaponde kuno. Ndikati ndinyamuke, uthenga wako umafika: "Kobiriwira, achemwali, musavutike." Ine namwino wathunthu, ndimadziwa kuti wodwala umamuona ndi maso, ndinakhulupirira kanyali ka pafoni ya munthu amene ali kutsidya kwa nyanja.

Ndawatengera kuchipatala. Achotsa madzi m'bondo, awapatsa ndodo, ndipo adokotala ati masabata asanu ndi limodzi asamayendeyende. Ine ndikhala mpaka pa 11, kupitirira apo andichotsa ntchito. Ndawapempha tipitire limodzi kwathu, akana. Akuti nyumba ya Amayi singatsale yokha.

Kachinthu kako ndinafuna kukazula ndikaponye m'dzala. Andiletsa. Akuti ndi mnzawo. Tsono iwe wophunzira, undiuze: kananama bwanji miyezi inayi?

Mkulu wako

7 Juni

Okondedwa Bambo,

Ndapempha achemwali kuti akusindikizireni kalatayi lero lomwe. Bondo lili bwanji? Mwadya chiyani?

Kamakina sikananame, Bambo. Kanawerenga bwino tsiku lililonse. Wolakwa ndine, ndipo cholakwa chake ndi chomwe chija ndinakufotokozerani ndi manja anga mu Malichi, ngati mphunzitsi.

Nditawerenga kalata ya achemwali ndinatsegula manambala enieni amene akhala akufika, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire, poti ndinkangoyang'ana mtundu wa kanyali. Ndinaona 512, 256, 256, 512, 256. Munthu wa ntchito yanga akaona manambala amenewa sachita kufunsa. Ndinakhala pansi, pasimenti.

Zinayenda chonchi. Kamakinako ndinakapanga kuno ndi tchipi yotsogoza bokosi lalikulu, ndipo pulogalamu yolandira ndinailemba kuti iziyembekeza lalikulu poyamba. Ndinayesa, zinkagwirizana. Pa ulendo wa ku maliro kanaphwanyika m'chikwama, ndiye ndinasamutsira zonse pa kena kamene ndinatenga kapadera. Tchipi ya kameneko imatsogoza laling'ono. Malangizo anga ankangoti, "tumiza mmene wasungiramo." Tsono inu mukatsegula kamodzi, kamakina kamatumiza 1, kenako 0. Kuno pulogalamu imatenga 1 uja ngati mtolo, n'kuwerenga 256. Mukatsegula kawiri, 512. Zonsezo ndi zoposa khumi, ndiye kobiriwira. Pa manambala a chitseko chanu, yokhayo imene imafanana kaya uyambire kuti ndi 0. Kuti ndidziwe zoona panafunika tsiku loti musatsegule n'komwe, mugone ndi njala.

M'mawa uja ndinayesa ndithu. Ndinatsegula chitseko kamodzi, ndinadina kabatani kotumizira, kanyali kanayaka kobiriwira, ndinati zatheka. Kamodzi kanayenera kukhala kachikasu. Ndinaona, koma sindinaganize. Hutala inkalira, ndipo ndinkafuna kutuluka m'nyumbamo msanga ndisanayambenso kulira.

Ndatembenuza manambala onse kuyambira pachiyambi. Sabata yoyamba chitseko chinkatsegulidwa ka 14, ka 12. Pofika kumapeto kwa Febuluwale, kanayi. Kuyambira pa 28 Malichi, kamodzi kapena kawiri, miyezi iwiri yathunthu. Tsiku limene ndinakulemberani kuti chitseko chanu sichipuma, munatsegula kamodzi. Ndinakuchitirani nsanje, Bambo. Ndinakhala pabedi pano n'kumachitira nsanje munthu amene ali pampando ndi bondo lotupa.

Kukonza kwake kwanditengera mphindi ziwiri, mzere umodzi. Kuyambira lero kanyali kazinena zoona. Koma bwanji simunanditsutse? Mukanangolemba kuti, "Anthu ake ati?"

Ndikhululukireni.

Mzime

24 Juni

Mwana wanga Mzime,

Moni. Bondo likuphwa. Ndodo ndaizolowera, ikundithandizanso kuopseza mphaka. Mkulu wako anabwerera pa 11 atadzaza kabati ndi zakudya zoti zingakwane sukulu yonse, ndipo walamula mayi wa buledi kuti akachoka azisiya wina.

Usadzizunze. Chaka changa choyamba pa ntchito ananditumiza ku nyumba za kumtunda, kumene kunali mamita akale a mivi inayi, ngati mawotchi anayi. Mamita athu onse tinkayamba kuwerenga muvi wakumanzere. A kumtundawo anachokera ku fakitale ina, muvi waukulu unali kumanja. Palibe anandiuza. Mwezi umenewo mayi wina wamasiye wokhala yekha analandira bilu ngati ya hotela. Anabwera ku ofesi atanyamula ndowa yake, n'kuiika pa tebulo la abwana, amvekere, "Ndiyezereni, ndimasamba m'menemu." Anzanga ananditchula Bambo Hotela zaka zitatu. Tsono matendawa ndi a m'banja, wangotengera.

Wafunsa chifukwa chimene sindinakutsutse. Ndiyankha, poti wafunsa molunjika. Poyamba ndinayesa nthabwala. Kenako ndinaganiza kuti mwana wangayu ndi wophunzira, makina ake sangalakwe, akudziwa kuti chitseko chimatsegulidwa kamodzi. Akamalemba za khamu la anthu, ndiye kuti akundipempha mwaulemu kuti ndimumasule, asamadere nkhawa nkhalamba pamene ali ndi ntchito yaikulu. Ndinati chabwino, ndimumasule. Itafika ya tchuthi ija ndinati ndinaganiza bwino. Iwe unkawerenga nambala yanga chobwerera, ine ndinkawerenga kalata yako chobwerera. Mayi ako akanakhalapo akanatigundanitsa mitu.

Ya "zikomo" wonena uli wekha ija inandipweteka kuposa bondo. Sindinadziwe choyankha, ndiye ndinalemba mizere itatu.

Tsopano usadandaulenso. Mbiri ya kugwa kwanga yamveka, anthu ayamba kubwera. Yang'ana kanyali kako, poti wati tsopano kakunena zoona. Maliza ntchito yako bwinobwino, chaka chikamatha tidzaonana.

Unasankha chiyani pa mabokosi aja?

Bambo ako

12 Julayi

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndaseka ndekha za Bambo Hotela mpaka wa phazi lalikulu uja anagogoda khoma. Ndi koyamba kuti tilankhulane.

Pa mabokosi ndinagwera kwa owerenga. Lalikulu lizitsogola. Koma chimene ndinalimbikira kwambiri m'chikalatamo ndi china: pasapezeke malangizo onena kuti "tumiza mmene wasungiramo." Bokosi lililonse liziikidwa pamalo pake ndi dzina, limodzilimodzi, kuti ngakhale mawa atasintha tchipi uthenga usasinthe. Ndinaonjezanso kuti uthenga uliwonse uziyamba ndi nambala yodziwika kale mbali zonse ziwiri, kuti ikafika yotembenuka, wolandira akane uthengawo m'malo mokhulupirira. Wandevu anawerengetsa kuti batire litaya masiku anayi pa zaka khumi. Ndinamuuza za chitseko chanu. Anandifunsa kuti bondo lanu lili bwanji. Wafunsanso dzulo.

Tsopano za kanyali. Inde, kali kobiriwira kuyambira pa 12 Juni, tsiku lotsatira achemwali atachoka. Koma masiku ano sindiyang'ananso mtundu, ndimayang'ana nambala. Pa 12 Juni, khumi. Pa 13, khumi. Lamlungu, khumi. Tsiku limene achemwali anandiuza kuti kwanuko kwagwa mvula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, khumi. Masiku makumi atatu, palibe 9, palibe 11. Alendo sabwera chonchi, Bambo. Amene amachita chonchi ndi munthu amene anawerenga mamita zaka 31 ndipo sakonda kuonjeza kapena kuchotsa.

Ndawerengetsa. Kuchoka pa mpando wa Amayi kufika pachitseko ndi mapazi asanu ndi atatu. Ngati mumaima pomwepo n'kutsegula kakhumi motsatizana, mukuimira bondo limene adokotala anati lipume. Ngati mumapita n'kubwerera kuti zioneke ngati zoona, ndiye sindikufuna n'kuwerengetsa komwe. Kalatayi ikangofika, lekani. Kachikasu sikandipha.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya abwana kukatenga tchuthi changa. Anati kuyesa mita sikunathe, ndikachoka apatsa Wandevu, ndipo dzina limene lidzatchulidwe kulikulu ndi lake. Ndinati ndamva. Ndapemphanso kuti ndikatha tchuthicho ndigwire ntchito ndili kwanuko miyezi iwiri. Akuti aganiza. Kaya alola kaya akana, tikiti ndagula.

Ndifika pa 3 Ogasiti ndi basi ya 2 koloko masana. Musabwere ku siteji, musakonze chipinda, fumbi ndidzasesa ndekha. Mukhale pampando. Ndidzagogoda mwamphamvu kuti mumve, ndipo ndidzadikira, musadzafulumire. Tsiku limenelo mudzatsegule kamodzi basi.

Ndine mwana wanu,
Mzime